Funsani Dokotala: Phewa la mwana wanga woponya mpira wa baseball likupweteka

Adokotala, ine ndimakhala ku Indiana, ku America. Mwana wanga wamwamuna wa zaka 14 amasewera baseball, ndipo m'timu mwawo ndiye woponya mpira. Aphunzitsi ake amati ali ndi tsogolo chifukwa amaponya mwamphamvu kuposa anzake amsinkhu wake. Kwa mwezi tsopano akudandaula kuti phewa lakumanja limawawa akamaponya, koma akapuma limaleka. Mwezi wamawa kuli mpikisano womwe kudzabwere anthu osaka osewera aluso. Ndimamupatsa brufen asanapite kukasewera, ndipo agogo ake kumudzi akuti tizingomuthowa ndi madzi otentha. Kodi vutoli lingamuwonongere tsogolo lake? Ndine mayi wodandaula.

Mayi, ndiyambe ndi brufeniyo. Musamupatsenso akamapita kukasewera. Ululu ndi umene ukanamuletsa kuponya, ndiye mukauziziritsa ndi mankhwala mwana azingoponyabe pa phewa lovulala osamva kanthu. Za agogo zija sizolakwika, kuthowa kumamasula minofu, koma madzi otentha safika pamene ndikuganiza kuti pali vuto.

Sindinamuone mwanayo, choncho ndikunena zimene ndikukayikira. Pa zaka 14 fupa la mkono wam'mwamba limakhala lisanakhwime. Pafupi ndi mutu wake, m'phewa momwemo, pali kachigawo ka chicherewecherewe pomwe fupalo limakulira, ndipo mwa anyamata kamatseka cha m'ma zaka 16 mpaka 18. Kachigawo kameneka n'kofooka kuposa mitsempha yoyandikana nako. Tsono kuponya mpira wa baseball si kugenda mango. Ofufuza anayeza n'kupeza kuti mwa akatswiri oponya mpirawu, mkono umapotoka m'phewa pa liwiro la madigiri pafupifupi 7,000 pa sekondi, ngati kuti ukuzungulira pafupifupi ka 20 m'sekondi imodzi. Mwana akamachita zimenezi mobwerezabwereza osapuma mokwanira, kachigawo kaja kamayamba kutakasuka. Madokotala a kumeneko amalitcha vutoli Little League shoulder, potengera dzina la ligi ya ana, ndipo limakonda kugwira a zaka 11 mpaka 16.

Mupite naye kwa dokotala wa mafupa kapena wa zovulala za m'masewera. Nthawi zambiri amajambula X-ray ya mapewa onse awiri kuti afananize, chifukwa kutakasukako kumaoneka bwino ukaika lovulala pambali pa labwinobwino. Akapeza kuti ndi vuto limeneli, mankhwala ake ndi amene ana amadana nawo kwambiri: kuleka kuponya kwa miyezi pafupifupi itatu, kuchita mafizo, kenako kuyambiranso pang'onopang'ono, pafupi kaye, mofewa, mpaka kufika pa mphamvu zonse. Opaleshoni safunika kawirikawiri, ndipo ana ambiri amachira n'kubwerera m'bwalo monga kale.

Ndiye kuti mpikisano wa mwezi wamawawo auphonya. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka kwa kholo limene lalipira ndalama zambiri za timu ndi maulendo, likuyembekezera kuti mwina mpirawu udzamulipirira mwana koleji. Koma matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, sasankha mwana wa ku America asanamalize sekondale. Wanuyo akadali ndi zaka zinayi. Wosaka osewera amene angamuone mwezi wamawa akuponya mozengereza ndi phewa lopweteka sadzaona luso lake lenileni.

Chimene ndimaopa kwambiri ndi mwana wopitiriza kuponya ali ndi ululu. Thupi limapeza njira yozembera pomwe pakuwawa. Amatsitsa mkono pang'ono, amasintha kaponyedwe osadziwa, ndipo katundu amagwera pa chigongono kapena pa zina za m'phewa, monga minofu inayi yogwira mutu wa fupa ndi kamkombero ka chicherewecherewe kotchedwa labrum. Kaponyedwe kolakwika kophunzira pa msinkhu umenewu kamavuta kukachotsa. Ndipo phewa silikhululuka ngati chigongono. Kuyambira 1974, pomwe Dr. Frank Jobe anakonza mtsempha wa pachigongono cha woponya mpira wina dzina lake Tommy John, oponya ambiri ochitidwa opaleshoni imeneyo amabwerera m'bwalo. Opaleshoni ya labrum ndi nkhani ina, ambiri sabwerera pa luso lawo lakale. Woponya wina, Mark Prior, anatengedwa ndi timu ya Chicago Cubs mu 2001 ali wachiwiri kusankhidwa mwa osewera atsopano onse a chaka chimenecho, ndipo mu 2003 anali m'gulu la oponya apamwamba kwambiri m'ligi yonse. Masewera ake omaliza mu MLB anali mu 2006, ali ndi zaka 25 zokha. Chaka chotsatira anamuchita opaleshoni ya phewa, ndipo ngakhale anayesetsa kwa zaka zingapo, sanabwererenso.

Mukamva mwana akunena kuti mkono wafa mphamvu, kuti m'phewa mukulira kapena kukodwa, kuti likuchita ngati lifuna kuguluka, kapena akamadzuka usiku ndi ululu ndi dzanzi, muwauze adokotala mosabisa. Zikatero angafune kujambula MRI. Mumufunsenso nokha modekha, chifukwa anyamata amabisa ululu poopa kulandidwa malo m'timu.

Miyezi itatuyo asangokhala pa mpando ndi foni. Mphamvu zambiri za woponya zimachokera m'miyendo, m'chiuno ndi m'mimba, mkono umangomalizitsa. Ino ndi nthawi yolimbitsa zimenezo pamodzi ndi minofu ya kumsana yogwira fupa la phewa, motsogozedwa ndi a mafizo.

Akadzabwerera, muziwerenga. Mu 2014 MLB ndi USA Baseball, bungwe loyang'anira baseball ku America, anatulutsa malangizo otchedwa Pitch Smart. Wa zaka 13 kapena 14 asaponye koposa ka 95 pa tsiku, ndipo akaponya ka 66 kapena kuposa apo apume masiku anayi. Pa chaka azikhala miyezi inayi osaponya pa mpikisano. Kafukufuku wa American Sports Medicine Institute ku Birmingham, Alabama, amene anatsatira ana kwa zaka khumi, anapeza kuti oponya ma inning (zigawo za masewero a baseball) oposa 100 pa chaka ankavulala kwambiri kuwirikiza katatu ndi theka poyerekeza ndi anzawo. Vuto ndi loti ana aluso ngati wanuyo amasewera m'matimu awiri kapena atatu, wa kusukulu ndi oyendayenda, ndipo mphunzitsi aliyense amawerenga zake zokha. Gulani kakope, muzilemba tsiku ndi nambala ya mipira imene waponya kulikonse, ndipo muzionetsa aphunzitsi onse asanamupatse mpira.