Dayamondi ali ku Botswana, nanga pansi pathu pali chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji Botswana ikukumba dayamondi ku Jwaneng ndi ku Orapa pomwe kwathu kuno kulibe mgodi wotero. Nkhani yake ili pansi zedi, kumene mgodi uliwonse sungafike.

Kunsi kwa miyala yomwe timapondapoyi kuli gawo lotchedwa mantle, lopangidwa kwambiri ndi mwala wobiriwira wa peridotite. Zaka zoposa 2.5 biliyoni zapitazo, mantle ya pansi pa Botswana, Zimbabwe ndi mbali ina ya South Africa inasungunuka kwambiri, chiphalaphala n'kutuluka ndi gawo lalikulu la calcium, aluminium ndi chitsulo. Zili ngati pokonola chimanga: gaga amachoka, mphale n'kutsala. Chotsalacho chinali chopepuka, chouma, cholimba ndiponso chozizirirapo, chozama makilomita 200 kapena kuposa, ndipo chakhala chosagwedezeka mpaka lero. Dayamondi amafuna malo otere. Kuti kaboni asanduke dayamondi, amayenera kupanikizidwa pa kuya kwa makilomita oposa 150 koma osatenthedwa mopitirira, kenako chiphalaphala cha mtundu wotchedwa kimberlite chimamunyamula mwaliwiro kufika naye pamwamba.

Dziko lathu la Malawi lili pakati pa zigawo zakale zolimba ngati zimenezo, pamalo omwe akhala akupindika ndi kung'ambika kambirimbiri. Mukamatsika kuchoka mu Blantyre kupita ku Chikwawa, taonani momwe msewu ukukhotakhota potsetsereka, chigwa cha Shire chili pansipo, chotambalala. Dera limenelo linachita kutitimira. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zikuonetsa kuti kung'ambikako sikunathe.

Koma ine sindivomereza anthu akamati tinamanidwa. Mantle ya kuno kummwera inalowereredwa ndi kaboni komanso michere yosowa. Zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo inasungunuka pang'ono chabe, ndipo kusungunuka pang'onoko ndi komwe kumasonkhanitsa michereyo pamodzi. Ndi m'mene panabadwira miyala yokhala ndi kaboni wambiri yotchedwa carbonatite ya ku Kangankunde m'boma la Balaka, ku Songwe ndi Tundulu ku Phalombe, ndi pachilumba cha m'nyanja ya Chilwa. Mapiri a Mulanje ndi Zomba ndi a nyengo yomweyo. Ku Kangankunde ndi ku Songwe kuli neodymium, umodzi mwa michere yosowayo, womwe amapangira maginito a galimoto zamagetsi, n'chifukwa chake makampani akunja sakuchoka kumeneko.