Mwana wanga wamasula tochi, ndimulembetse part time?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo sabata ino. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 7, ali Sitandade 2, amawerenga kale zolembedwa pamapaketi a shuga ndi sopo, ndipo posachedwa anamasula tochi ya bambo ake pofuna kuona kumene kuwala kumachokera. Mayiwa akufunsa kuti: "Kodi timulembetse part time kapena timugulire mabuku a Sitandade 4, kuti nzeruzi zisapite pachabe?"

Mayi, part time iyambe yadikira. Mwana wakhala pansi m'kalasi m'mawa wonse akubwereza zimene aphunzitsi anena, ndiye masana apitenso kokakhala pansi kubwereza zomwezo? Part time imathandiza mwana amene watsalira, kapena wa Sitandade 8 amene mayeso a MANEB amuyandikira. Wanuyu sanatsalire. Njala yake ndi ya mtundu wina, ndipo wakuuzani kale poyambira: tochi ija.

Musamukalipire, ngakhale ndikudziwa kuti abambo ake sanasangalale. Pitani kwa okonza mawailesi pamsika, mupemphe tochi yakufa, kababu ndi tizidutswa tawaya. Mugule batire limodzi lija la mavoti 1.5. Muyale mphasa pakhonde, mumupatse, inu muzisankha nyemba pambali. Adzayamba ndi waya umodzi, babu osayaka. Adzatembenuza batire, osayakanso. Pakamwa padzakuyabwani kufuna kumuuza, koma dzigwireni. Tsiku limene adzatulukire yekha kuti magetsi amafuna njira yopita ndi yobwerera, mudzamva kukuwa mpaka kwa aneba. Lamulo likhale limodzi lokha, lolimba: soketi ya pakhoma sakhudza, ndipo timabatire tozungulira ta muwotchi muziika patali, chifukwa mwana akameza n'ngozi yaikulu.

Kumbukirani William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamusiyitsa sukulu chifukwa chosowa fizi, ankabwereka mabuku pakalaibulale kakang'ono ka kwawoko. Ali ndi zaka 14 anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, ziwiya za njinga ndi zitsulo zotola kudzala. Anthu ankati wayamba misala. Sindikunena kuti mwana aliyense adzatchuka ngati iye. Chimene ndikuona pankhaniyi n'chakuti buku ndi zinyalala zinakumana m'manja mwa mwana amene anali ndi nthawi yoyesa n'kulephera.

Za mabuku, a Sitandade 4 asiyeni. Akawamaliza lero, akadzafika m'kalasimo adzangokhala akuyasamula, kenaka mudzamva kuti wayamba kusokosa. Koposa n'kupita naye ku National Library Loweruka, asankhe yekha. Akasankha buku la njoka kachitatu, musiyeni. Za Chichewa musazinyoze pothamangira Chingerezi. Mwana amene amamva bwino zimene akuwerenga m'chilankhulo chake savutika kwambiri kuwolokera ku china.

Zina zili m'nyumba mwanu momwemo. Adzale nyemba m'zitini ziwiri, china pawindo china kunsi kwa bedi, aziyeza ndi kaulusi tsiku lililonse. Adzadabwa kuona ya mumdima ikutalika msanga koma yoyezuka ndi yofooka. Pokagula tomato, ndalama agwire ndiye, awerengetse yekha chenji. Ngati agogo alipo, amuphunzitse bawo, masamu ake si amasewera. Zilapi ndi nthano madzulo magetsi akazima, zimenezonso n'sukulu.

Akakufunsani chimene simukuchidziwa, musapeke yankho ndipo musamuuze kuti "ukulongolola". Ine mphwanga atandifunsa chifukwa chake nyerere zimayenda pamzere, ndinangoti tiye tikaone. Tinapukuta ndi chala pakati panjira yawo, nyerere n'kubalalika kwa kanthawi, popeza zimatsata fungo limene zinzawo zasiya. Anakhala chogona chafufumimba pafumbi pafupifupi ola lathunthu, yunifolomu yonse bii.

Nthawi yake isachuluke. Akaweruka adye, apume, akasewere phada ndi anzake. Mphindi 30 za zoyeserazi zikwana, ndipo masiku ena zisakhaleko n'komwe. Chinanso, pamaso pa alendo musamamuimike kuti awerenge nyuzi ngati chionetsero, makamaka abale ake ali pomwepo akumvetsera. Mwana wozolowera kutamidwa kuti ndi wanzeru amayamba kuopa zinthu zovuta, poopa kuti akalakwa dzinalo limuchoka.

Tochi ya abambo ija, ngati zidutswa zake zonse zilipo, mumupatse Lamlungu masana ayese kuibwezeretsa.