Mawu oti awkward ndi ophunzira a ku China

Mphunzitsi wina watilembera imelo. Akuti ophunzira ake a ku China akalakwitsa m'kalasi amati "I am very awkward", ndiye akufunsa ngati aziwakonza. Muziwakonza ndithu, aphunzitsi, koma muyambe mwadziwa kumene vutoli likuchokera.

M'Chimandarini, chinenero chachikulu cha ku China, muli mawu oti gāngà. Amanena za munthu amene wagwidwa ndi manyazi, amanenanso za nthawi imene zinthu zafika poti aliyense akusowa chonena. Madikishonale amawamasulira kuti awkward komanso embarrassed, ndiye wophunzira amangotola amene wayamba kuwaona.

Mbiri ya mawu oti awkward imathandiza. Mbali yoyamba, awk, inachokera ku chinenero chakale cha anthu a ku Scandinavia, ndipo inkatanthauza chinthu chotembenuzidwa molakwika. Mbali yachiwiri, ward, ndi yomweyo ili mu forward ndi backward, yosonyeza kolowera. M'zaka za m'ma 1300 awkward ankatanthauza kulowera kolakwika, ndipo pofika m'ma 1500 anayamba kunena za munthu wosalongosoka pogwira zinthu. Tanthauzo la kumangika pagulu linabwera mochedwa, m'ma 1700.

N'chifukwa chake mawuwa amakhala bwino pa chinthu kapena pa nyengo. "An awkward silence" ndi bata lija limagwa wina akafunsa zosafunsa. "An awkward question" ndi funso lovuta kuyankha osakhumudwitsa munthu. Tebulo lovuta kulowetsa pakhomo, ngakhale lili lopepuka, ndi "awkward to carry".

Pa munthu ndiye pamafunika kusamala, ndipo chimene chimasintha zonse ndi mneni. "I feel awkward" ndi zolondola: ukumangika panthawiyo basi. "I am awkward" akunena chibadwa chako, kuti ndiwe munthu wosadziwa kucheza kapena wogwetsagwetsa zinthu. Ku Britain, "he is being awkward" amatanthauzanso kuti munthuyo akuvuta dala. Wophunzira amene wayankha molakwika anzake n'kuseka, mawu ake ndi "I am embarrassed".

Katchulidwe nakonso kamavuta. Mawu a Chimandarini sathera pa d, ndiye ena amaimeza, ena amawonjezera lembo la liwu kumapeto, monga timachitiranso ife Achewa. Auzeni atsindike mbali yoyamba, yachiwiriyo aifupikitse, ndipo polemba asaiwale kuti w alipo awiri, wina k asanafike, wina k atadutsa.