Durban July koyamba: tikiti, zovala, kubetcha ndi pomwe muime kuti muone mpikisano

Mayi wina wa kwathu kuno amene amagwira ntchito ku Joni walemba imelo yofunsa motere: "Tilipo anayi, tikufuna tikaonere Durban July chaka chamawa. Sitinapiteko ku mpikisano wa mahatchi chibadwire. Tigule tikiti yanji, tivale chiyani, nanga kubetchako zimayenda bwanji kuti tisakachite manyazi?"

Achemwali, choyamba dziwani ichi: mpikisano womwe anthu zikwizikwi amadzazira bwalo la Greyville mumzinda wa Durban umatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi osafika 20. Mahatchi amathamanga mamita 2,200 basi. Ambiri obwera koyamba amauphonya ali pamzere wa chakudya, ali kuchimbudzi, kapena ali m'tenti momwe nyimbo zikugunda, n'kudzangomva mfuwu kunja zonse zitatha. Choncho mapulani anu onse a tsikulo azungulire pa mphindi ziwirizo.

Mpikisanowu umachitika Loweruka loyamba la July pafupifupi chaka chilichonse, ndipo unayamba mu 1897. Kuyambira 2022 amauthandiza ndi a kampani yobetchera ya Hollywoodbets, nchifukwa chake dzina lake lonse ndi Hollywoodbets Durban July. Achikulire ena amautchulabe Vodacom July kapena Rothmans July potengera makampani a kale. Tsikulo pamakhala mipikisano 12 kuyambira chakumasana mpaka usiku magetsi atayaka, ndipo waukuluwo umakhala wa nambala 7, cha m'ma 4 koloko madzulo.

Za tikiti. Pali njira ziwiri zikuluzikulu ndipo kusiyana kwake n'kwa ndalama zambiri. Tikiti wamba ndi ya ma rand mazana ochepa: imakulowetsani pageti, mumayenda momasuka pa kapinga ndi malo ena otseguka, koma mpando, chakudya ndi zakumwa n'zogula nokha. Ina ndi ya m'matenti akuluakulu aja amati marquee, ya ma rand masauzande angapo munthu mmodzi, momwe muli chakudya, zakumwa, oimba ndi zimbudzi zawozawo. Apa mpamene anthu amapusitsika. Matenti ambiri ali mkati mwa bwalo, kutali ndi pomalizira mpikisano, ndipo hatchi mumaiona pa sikirini ngati muli kunyumba. Ngati mukupitira phwando, palibe vuto. Ngati mukufuna kumva nthaka ikunjenjemera mahatchi akamadutsa, tikiti wamba kapena mpando wa pa sitandi yaikulu ndi zomwe zikukuyenerani, ndipo kwa anthu obwera koyamba ine ndingasankhe zimenezi. Musanalipire tenti iliyonse funsani zinthu zitatu: ili mbali iti ya bwalo, mtengowo ukuphatikiza tikiti ya pageti kapena ayi, ndipo zakumwa zaulere zimatha nthawi yanji. Gulani kudzera pa tsamba la eni mpikisano kapena kampani yomwe iwo atchula. Matikiti a pa WhatsApp ndi Facebook a "mnzanga walephera kupita" amatha kukakanidwa pageti chifukwa munthu wina walowa kale ndi nambala yomweyo.

Kuchoka ku Johannesburg kukafika ku Durban pa msewu wa N3 ndi makilomita pafupifupi 570, maola 6 kapena 7, ndipo pali mageti olipira asanu: De Hoek, Wilge, Tugela, Mooi River ndi Mariannhill. Nyamukani Lachisanu m'mawa. Pa Van Reenen, pomwe msewuwu umadutsa m'mapiri, m'nyengo yozizira pamagwa chifunga, ndipo lole imodzi ikagona pamenepo mutha kuima maola ambiri. Oyenda pa ndege amatera pa bwalo la ndege la King Shaka, makilomita pafupifupi 35 kumpoto kwa mzinda. Malo ogona sungitsani miyezi itatu kapena inayi isanakwane, chifukwa sabata imeneyi imagwera pa holide ya sukulu ndipo mitengo imakwera. Berea ndi Morningside ndi pafupi ndi bwalo. Umhlanga n'kokongola koma mudzalipira ulendo wautali kawiri.

Galimoto isiyeni kogona. Misewu yozungulira Greyville ina imatsekedwa, ina imadzaza moti kuyenda pansi kumaposa galimoto. Popita tengani Uber kapena Bolt nthawi ya 11 isanakwane. Pobwerera mitengo imakwera kawiri kapena katatu ndipo netiweki imavuta chifukwa cha kuchuluka kwa anthu, ndiye gwirizanani ndi dalaivala mmodzi masana za nthawi ndi malo okumana. Musayende wapansi usiku kulowera m'tauni mutavala za mtengo, foni ili m'manja.

Zovala nazo ndi mpikisano pawokha. Chaka chilichonse amalengeza mutu wa kavalidwe miyezi ingapo tsikulo lisanafike: mu 2023 unali Out of This World, mu 2024 Ride the Wave, mu 2025 Marvels of Mzansi. Palibe amene adzakubwezeni pageti chifukwa simunatsate mutuwo, koma mudzamva kukoma mukautsata, ndipo telala wodziwa ntchito atha kusoka chitenje chabwino kuti chigwirizane nawo. Mpatseni nsalu mwezi wa May, osati sabata yomaliza. Chomwe chimagwetsa anthu ndi nsapato. Gogoda wosongoka amamira mu kapinga, ndipo mudzaima kapena kuyenda maola 8 kapena kuposa. Sankhani wa chidendene chachikulu, ndipo m'chikwama muikemo nsapato zafulati. Masana ku Durban kumafunda, madigiri 22 kapena 23, koma dzuwa limalowa itangopitirira 5 koloko ndipo kamphepo ka kunyanja kamalowa m'mafupa. Jekete kapena shawelo musaiwale. Chikwama chikhale chaching'ono, cha zipi, chonyamulira kutsogolo, poti opisa m'matumba nawo amatchena tsiku limeneli. Muikemo pasipoti, power bank, cholembera ndi ndalama zapamanja zochepa.

Tsopano kubetcha, komwe n'kwa anthu a zaka 18 kupita m'tsogolo. Mukalowa gulani kabuku ka mipikisano. Mmenemo hatchi iliyonse ili ndi nambala, dzina la wokwera, la mphunzitsi, kulemera komwe yanyamula ndi momwe yathamangira mipikisano yapitayi. July ndi handicap, kutanthauza kuti hatchi yamphamvu amaisenzetsa katundu wambiri kuti zonse zifanane mphamvu. Mpaka 2025 yolemedwa kwambiri inkanyamula makilogalamu 60, zina zikunyamula ochepera ndi 6 kapena 7. Nchifukwa chake hatchi yotchuka siipambana chaka chilichonse. Zimathamanga 18, bwalo limakhotera kumanja, ndipo msewu wowongoka womalizira ndi waufupi, wosapitirira mamita 500. Hatchi yotsekerezedwa kumbuyo pokhota pomaliza nthawi zambiri imapeza mpata mochedwa.

Malo obetchera alipo a mitundu iwiri. Ku tote ndalama za onse zimalowa mu thumba limodzi, amachotsapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawana opambana, ndiye simudziwa chomwe mulandire mpaka mpikisano utatha. Kwa ma bookmaker, omwe amalandira mabeti pa mitengo yomwe aika okha, mtengo mumaudziwiratu: mukaika R20 pa 10/1, phindu ndi R200 kuphatikiza R20 yanu, koma pa phindulo amadulapo msonkho wa 6 peresenti, musakangane nawo. Kwa oyamba kumene, Win ndi Place n'zokwanira. Win ndiye kuti hatchi yanu ikhale yoyamba. Place ndiye kuti ikhale m'gulu la zotsogola, ndipo funsani kuti pa mpikisano umenewo akulipira malo angati chifukwa zimatengera kuchuluka kwa mahatchi. Swinger ndi yosangalatsa pa gulu: musankha ziwiri, zonse zikhale mwa zitatu zoyambirira. Quartet, yomwe aliyense amaikamba tsikulo, imafuna zinayi zoyambirira mu ndondomeko yake. Mukati "box" ndiye kuti zibwere mu ndondomeko iliyonse, koma mtengo umakwera msanga: mahatchi 4 ndi njira 24, mahatchi 5 ndi njira 120, mahatchi 6 ndi njira 360. Poti mulipo anayi, sonkhani ngati chipereganyu, aliyense asankhe hatchi imodzi, mugule tikiti imodzi ya njira 24 ndipo muijambule onse pa foni.

Pa windo nenani zinthu mu ndondomeko iyi: bwalo, nambala ya mpikisano, ndalama, mtundu wa beti, nambala ya hatchi. Mwachitsanzo "Greyville, race 7, R20 place, number 5." Dzina la hatchi musatchule, makina amadziwa manambala okha. Werengani tikiti musanachoke pa windo, poti mukachoka cholakwika chimakhala chanu. Beti ya mpikisano waukulu ikani nthawi ya 2 koloko isanakwane. Ikamakwana 3:30 mizere imakhala italika moti ena amafika pa windo mahatchi atanyamuka kale. Ndalama zobetchera zipatuleni m'mawa mu envelopu, ndipo za ulendo wobwerera ku Joni zisakhale m'chikwama chomwecho.

Tikiti musataye mahatchi akangodutsa pomalizira. Mu 2014 Wylie Hall ndiye anadutsa poyamba, koma panabwera dandaulo loti anapinga mnzake, oweruza n'kupereka chipambano kwa Legislate. Mu 2008 Pocket Power ndi Dancer's Daughter anafika pamodzi ndendende, onse n'kukhala opambana. Dikirani alengeze kuti "all clear", pamenepo mpamene amayamba kulipira.

Mahatchiwo kaoneni pafupi, ndi zaulere. Mpikisano uliwonse usanayambe amawayendetsa mozungulira pa parade ring. Pitani pa mpikisano wa nambala 3 kapena 4, anthu asanachuluke, mukaime pa mpanda. Hatchi yomwe ili bwino ubweya wake umanyezimira, imaponda momasuka miyendo yakumbuyo ikufika pomwe yakutsogolo yachoka, makutu ali tcheru. Ina mudzaiona thovu loyera lili pakhosi ndi pakati pa miyendo, ikuvinavina, woigwira akulimbana nayo ndi manja awiri. Imeneyo ikutha mphamvu isanathamange. Okwerawo mudzadabwa kuchepa thupi kwawo. Mukamva anthu akufuula dzina la S'manga Khumalo, ndi amene mu 2013 anakhala wokwera wakuda woyamba kupambana July, pa hatchi yotchedwa Heavy Metal, ndipo anapambananso mu 2022 pa Sparkling Water. Kujambula ndi flash pafupi ndi mahatchi musayerekeze.

Mpikisano wa nambala 6 ukangotha, musapitenso kwina. Kuchimbudzi mukhale mutapita kale, madzi ali m'manja. Pezani malo pa masitepe a sitandi kapena pa kapinga moyang'anana ndi mamita 200 omaliza, pomwe mukuona sikirini yaikulu komanso msewu wothamangamo mahatchi. Pa mpanda penipeni mumamva mgugu wa ziboda koma simuona yemwe akutsogola. Pokwera pang'ono mumaona zonse. Lowezani mtundu wa malaya ndi chipewa cha wokwera hatchi yanu, chifukwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola nambala simungaiwerenge. Sankhaniraninso malo amodzi odziwika oti mukumane mukasowana, poti kuyambira 3 koloko mpaka mpikisano utatha foni imatha kukana kulumikiza ngakhale mnzanu ali mamita 20 kuchokera pomwe mwaima.