Asanakhudze batire, akuonetseni kaye fani yoliziziritsa

Achimwene, ndalama imeneyo musapereke kaye, chonde. Makaniko amene wakuuzani kuti batire lalikulu la Toyota Aqua yanu ya hybrid latha chifukwa choti ma bar a batire pa sikirini sakufika pamwamba komanso mafuta ayamba kutha msanga, mufunseni kuti wayeza ndi chiyani. Akati wangomvera injini, tengani makiyi anu muzipita.

Ma bar aja sadzadza mwadala. Kompyuta ya galimoto imasunga batire pakati pa 40 ndi 80 peresenti, silola kuti lidzadze thothotho kapena kuti liphwe, chifukwa zimenezo ndi zomwe zimapha mabatire amtunduwu. Ma bar 8 amene mumaona pa sikirini akungokuonetsani kachigawo kameneko, ndipo galimoto imakonda kukhala pa 6. Mudzaona onse atadzadza mukamatsetsereka mtunda wautali, monga ku Khwekhwerere potsikira ku Golomoti kapena popita ku Salima, ndipo akadzadza injini imayamba kulira yokha ngakhale simukuponda moto, ikutaya mphamvu yotsalayo. Si vuto. Mukaima pa jamu mwezi wa October AC ili yoyatsa, ma bar atsika mpaka awiri, chifukwa AC ya Aqua imadya batire lalikululo, kenako injini imadziliza yokha n'kutchaja. Si vutonso. Choopsa ndi pamene ma bar akuchoka pamwamba kufika pansi mu kamtunda kochoka pa Crossroads kufika ku Area 18, kenako n'kudzadzanso nthawi yomweyo. Batire lathanzi limakwera pang'onopang'ono n'kutsikanso pang'onopang'ono.

Ine zinandionekera mu 2022, nthawi ya mizere ya mafuta ija. Aqua yanga ndi ya 2013, inabwera kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe ngati za anthu ambiri mu gulu muno, ndipo ndimakhala ku Area 49 mkati, kumene tala amathera panjira. Inayamba ndi kudya mafuta. Injini osazimanso pa ma robot, kumbuyo kukumveka kaphokoso ngati mphepo pansi pa mpando, kenako pa dashibodi panabwera uthenga wa Chijapani ndi nyale ya chikasu. Mnzanga wa kuntchito ananditengera kwa bambo wina cha ku Biwi amene akuti "ndi dokotala wa ma hybrid". Dokotalayo analibe makina oyezera ngakhale amodzi. Anatsegula boneti, kumene batire kulibe n'komwe, anagwedeza mutu, nati ma cell atatu afa. Nditafunsa kuti wadziwa bwanji kuti ndi atatu, anaseka n'kuyang'ana anyamata ake. "Amayi, izi simungazimve, ingosiyani galimoto." Mawu amenewo mpaka pano ndikawakumbukira ndimamva kutentha m'makutu. Ndalama imene anatchula inali yokwana fizi ya mwana wanga ya temu yonse. Nditapita kukaitenga nyale ija inali itazima, galimoto ikuyenda, ndinathokoza mpaka kuwagulira anyamata ake zakumwa.

Mwezi sunathe. Linali Lachisanu la kumapeto kwa mwezi, madzulo, mvula yoyamba ya November ikugwa. Ndinali ndi mayi anga kumbuyo, ndikuchokera nawo kuchipatala, BP yawo itakwera, atavala mpango n'kutsamira pa windo. Tikuwoloka mlatho wa Lilongwe kulowera kumsika, pamene aliyense amadziwa kuti madzulo galimoto zimayenda mokwawa, ndinangomva galimoto yalemera. Ndikuponda moto, injini ikukuwa, koma kuyenda ayi. Ma bar amene anali asanu ndikuona ndi maso anga akugwa mpaka imodzi. Nyale zonse pa dashibodi waa. Ndinaisuntha pang'ono mpaka kutsirizika kwa mlatho, n'kuizimitsa poganiza kuti ikadzuka ichita bwino. Kudina batani, READY, nyale yosonyeza kuti galimoto yadzuka, osabwera. Kudinanso, zii. Mawaipa okha ndi amene amagwira.

Kumbuyo kwanga minibasi zinali zitandanda mpaka kutsidya, mahutala osaleka. Kondakitala wina anatsika n'kumamenya denga la galimoto yanga ndi chikhatho, akukuwa kuti azimayi ndani anakupatsani ma laisensi. Akabaza akudutsa mbali zonse, wina anakhula galasi langa lam'mbali n'kupitirira. Mawindo atseka ndi nthunzi, sindikuona kunja bwinobwino, mayi akufunsa ndi mawu otsika kuti "mwanawe, kodi tafika?" Panasonkhana anyamata oitanira, aliyense ndi nzeru zake, ambiri akuti tiikankhe iliza yokha. Ndikuwauza kuti iyi siliza mokankha, ilibe sitata, injini yake imalizidwa ndi batire lomwe lafalo, iwo akungoti amayi khalani pa chiwongolero. Anaikankhira pambali pafupi ndi ogulitsa kaunjika amene anali kalikiliki kufunditsa katundu wawo mapepala apulasitiki, n'kufuna yawo ya sopo. Wina anabwera ndi chingwe kuti aikoke ndi pickup mpaka ku 49. Ndinakana, chifukwa matayala akutsogolo a hybrid akamazungulira amazunguzanso mota, ndiye kuikoka mtunda wautali kumaononga zamagetsi. Mayi ndinawakweza taxi okhaokha, akunjenjemera, ine n'kutsala pamvula kudikira breakdown yonyamula, nsapato zitadzadza matope.

Ndikuimbira dokotala uja, foni ikungoitana. M'mawa mwake nditamupeza anati ma hybrid ndi choncho, ma cell ena afanso, ndionjezere ndalama asinthe ena anayi. Osapepesa n'komwe. Lisiti sanandipatse, ndiye ndikanakamusumira ndi chiyani? Anthu ngati amenewa ndi amene akuipitsa dzina la galimotozi mu Lilongwe muno. Dzulo lake amakonza ma carburetor, lero wajambula chikwangwani cha hybrid pa geti, ndipo akuphunzirira ntchito pa galimoto zathu ndi ndalama zathu. Amaonanso nkhope. Akaona mzimayi, kapena bambo wovala tayi wochokera ku Capital Hill, mtengo umakwera pomwepo.

Anandithandiza ndi mnyamata wina cha ku Mchesi, wopanda galaja n'komwe, kakontena chabe ndi laputopu. Analumikiza kachipangizo pansi pa chiwongolero, panatuluka khodi P0A80, ndipo ananditembenuzira sikirini kuti ndione ndekha. Batire la Aqua lili ndi ma module 20, amene dokotala uja amati ma cell, iliyonse ya ma volt 7.2, onse pamodzi 144, ndipo kompyuta imawayang'anira awiriawiri. Akasiyana mphamvu kwambiri, ndi pamene imayatsa nyale. Dokotala uja anaikamo ma module ochokera m'galimoto ina osawayeza, ena amphamvu ena ofooka, ndiye zinali ngati kumanga goli limodzi ng'ombe yaikulu ndi kamwana ka ng'ombe. Nyale ija sanaikonze, anangochotsa waya wa batire laling'ono kuti kompyuta iiwale. Timikuwa tolumikiza ma module tinali titachita dzimbiri lobiriwira, osatsuka. Mabawuti awiri kunalibe.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi fani. Pansi pa mpando wakumbuyo pali kabowo ka timizeremizere kamene kamakoka mpweya wa m'galimoto kukaziziritsa batire. Mnyamatayo atatulutsa fani ija n'kuiika pa nyuzipepala, mapiko ake sanali kuoneka. Dothi lofiira la ku 49 litaumbika pamenepo, tsitsi, ulusi wa zitenje, timankhusu ta chimanga. Anachita kupala ndi kamtengo, likugwa m'zibuma. Kabowo kaja nakonso anyamata osoka ma seat cover anali atakaphimba theka. Batire limapsa ndi kutentha tsiku ndi tsiku, ndipo likatentha kompyuta imasiya kuligwiritsa ntchito mokwanira, injini n'kumasenza yokha katundu yense. Mafuta amathera pamenepo. Dokotala uja anachotsa mpando, anaigwira fani imeneyi ndi manja ake, n'kuibwezera momwemo.

Ndiye pa nkhani ya mafuta musadzipweteke mutu ndi manambala a pa intaneti. Aqua itatuluka ku Japan mu 2011 analemba kuti imayenda makilomita 35.4 pa lita, koma amenewo ndi a mayeso awo a JC08, opanda mahampu, maenje ndi AC ya mwezi wa October. Kuno yanga ikafika cha m'ma 20 m'tauni ndimati yagwira ntchito. Ngati ulendo wanu ndi wochoka ku Area 47 kufika ku Gateway n'kubwerera, idzadya ndithu, chifukwa m'mawa injini imalira kaye kuti itenthe ngakhale batire likhale lodzadza. Pa M1 popita ku Dedza mukuthamanga 110, batire silikuthandizani kwenikweni, ndi injini ya 1.5 basi ikugwira ntchito. Hybrid imapindula pamene mukuima n'kunyamuka, chifukwa mukamaponda buleki pang'onopang'ono kuchokera patali, mota imasanduka jenereta n'kubwezera moto mu batire. Mukaponda mwadzidzidzi pafupi ndi hampu, mphamvu yambiri imangothera m'mabuleki.

Pali zina zimene anthu amaphunzitsana mu gulu muno zomwe si zoona. Giya ya B sitchaja batire kuposa D. Ndi yotsikira mapiri kuti injini ikuthandizeni kugwira galimoto, ndipo kuyenda nayo m'tauni n'kutaya mafuta. Batani la EV, loyendera magetsi okha, nalo silipulumutsa kanthu, mumangokhuthula batire, kenako injini iwotche petulo kulidzadzanso. Ndipo pa mzere wa mafuta, musaike pa N. Pa N galimoto sitchaja ngakhale pang'ono, AC ikudya, ma bar akungotsika. Ikani pa P READY ili yoyaka, kapena zimitsani kotheratu. Kumvera wailesi usiku wonse READY ili yozima kumapha batire laling'ono la ma volt 12, ndipo limenelo likafooka galimoto imakana kudzuka n'kuyatsa nyale zoopseza, anthu n'kumathamangira kugula batire lalikulu pachabe. Aqua ilibe alternator, laling'onolo limatchajidwa ndi lalikulu pokhapokha READY ikayaka. Muyezetse laling'onolo poyamba, ndi lotchipa. Ndipo thanki yake ya malita 36 musaiyendetse mpaka kuuma poganiza kuti magetsi akufikitsani pa filling station. Batire lalikulu likaphwa kwambiri injini sidzukanso ngakhale muthiremo petulo wa m'chigubu.

Langizo langa ndi lakuti musalole munthu aliyense kusintha ma cell amodziamodzi, n'kutaya ndalama. Gulani batire lathunthu. Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo ya zinthu zoitanitsa kunja inapenga, ndiye ngati thumba silikulola, sinthani ma module omwewo, koma kwa munthu amene amayeza iliyonse payokha, kuwatchaja ndi kuwafananiza mphamvu asanabwezere. Yanga mnyamata uja anachita choncho ndipo ikuyendabe, ngakhale anandiuza poyera kuti ndi kugula nthawi chabe. Osapitanso kwa amakaniko a m'mbali mwa msewu, pitani pamalo pooneka pamene amapereka lisiti ndi galanti yolemba. Komabe malo okongola si umboni, dokotala wanga uja anali ndi geti lopaka penti ndi ovolosi yolembedwa dzina. Inu nokha musayerekeze kugwira mawaya a olenji, amapha.

Mawa m'mawa gwadani kumbuyo kwa mpando wakutsogolo, muunike ndi tochi ya foni kabowo kaja muone ngati sikanatsekedwe. Kenako pezani woyeza, kapena gulani kachipangizo ka OBD2 kolumikiza pansi pa chiwongolero muike app ya Dr. Prius pa foni, imawerenganso Aqua. Jambulani khodi ndi manambala a ma block onse 10, ma module awiriawiri aja, mutiponyere pano, mutiuzenso chaka cha galimotoyo ndi kumene mumakhala, ngati ndi kwa fumbi kapena kwa tala.