Za Liberal ndi National: mchemwali wanga, funso lanu landigunda pachilonda

Kalata yanu ndinaiwerenga nditangotsika basi pochokera kuntchito ya usiku, ndipo tulo tinandithawa. Mwati mumakhala ku Perth, mwangolandira kumene unzika wa Australia, ndipo mtima wanu uli ku Liberal chifukwa cha za banja, za tchalitchi ndi kabizinesi kanu. Koma mukudabwa kuti bwanji chipanichi ndi cha National sizingosanduka chipani chimodzi dziko lonse monga zinachitira kuno ku Queensland, ndipo mukufunsa ngati n'kwanzeru kulowamo.

Mundilole ndiyambire pa 3 Meyi 2025. Tsiku limenelo ndinaima pachipata cha sukulu ina kumpoto kwa Brisbane kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, nditavala malaya a buluu a LNP, chipani chathu chophatikiza Liberal ndi National, ndikugawa timapepala tija tosonyeza anthu mmene angalembere manambala povota. Fungo la soseji wowotcha linali ponseponse monga zimakhalira tsiku la chisankho kuno. Ntchito imeneyi ndaigwira pa zisankho zingapo, choncho maso a anthu ndimawadziwa. Achikulire ankalandira kapepala kanga ndi kumwetulira. Mabanja achinyamata okankha ana ankangodutsa, osati mwachipongwe ayi, koma ngati mmene munthu amadutsira wogulitsa chinthu chimene sichikumukhudza. Masana kunabwera mayi wina amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba, wochokera ku Philippines, wopemphera kwambiri kuposa ine. Kapepala analandira chifukwa chondilemekeza, n'kukapinda. Anandiuza motsitsa mawu kuti lendi yake yakwera kawiri, ndiye ine ndikumuuza za magetsi a nyukiliya amene adzayake patatha zaka khumi kapena kuposerapo. Ndinasowa chomuyankha. Mpaka lero ndikakumana naye pomwa tiyi ndimakumbukira kapepala kopindidwa kaja.

Usiku tinakhala pa ABC, katswiri wa zisankho Antony Green akuwerenga zotsatira komaliza asanapume. Labor inathera pa mipando 94 mwa mipando 150, Coalition, womwe ndi mgwirizano wa Liberal ndi National, 43 yokha. Peter Dutton mwiniwake, amene ankatsogolera Liberal, anataya mpando wa Dickson umene anaugwira kuyambira 2001, anagonja kwa Ali France wa Labor amene ankayesa kachitatu. Ndinazimitsa TV osadya.

Tsono tamverani ichi, chifukwa ndi pamene pagona yankho la funso lanu loyamba. Pa 20 Meyi, patangotha sabata imodzi Sussan Ley atasankhidwa kutsogolera Liberal, David Littleproud, mtsogoleri wa National pa nthawiyo, analengeza kuti a National achoka mumgwirizano. Ankafuna awatsimikizire za nyukiliya, za mphamvu zogawa masupamaketi akuluakulu akamadyera anthu masuku pamutu, za thumba la madola 20 biliyoni la kumidzi, ndi za netiweki ya foni kumadera akutali. Pofika pa 28 Meyi anabwererana. Koma Littleproud, phungu wa Maranoa, ndi membala wa LNP ya kuno ku Queensland, chipani chophatikizana chomwe mukuchisirirachi. Ted O'Brien, amene anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa Ley, ndi wa LNP yomweyo. Anthu awiri a khadi limodzi ku Brisbane, koma sabata imeneyo ku Canberra anali m'zipani ziwiri zosudzulana. Phungu wa LNP akafika ku Canberra amakakhala m'chipinda cha Liberal kapena cha National malingana ndi mpando wake. Dzina limodzi lija limathera pabwalo la ndege.

Zimenezi zinandipweteka chifukwa ndinazionapo pafupi, pa zinthu zazing'ono zathu zomwe. Zaka zingapo zapitazo kuno tinali ndi timagulu tiwiri tothandizana pamaliro, kena ka ife ochokera ku Malawi, kena ka abale athu a ku Chipata ndi Katete. Chilankhulo chimodzi, nsima imodzi, ena mwa ife tinakwatirana. Kutumiza thupi kumudzi kuchokera kuno ndi ndalama zoti banja limodzi silingakwanitse, ndiye ine ndinalimbikira kuti tiphatikize matumba. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndikunena kuti mutu umodzi susenza denga. Tinalemba malamulo, tinasankha komiti, tinadya mpunga ndi nkhuku kusangalala. Koma magulu awiri a pa WhatsApp aja sanafe. Nkhani yeniyeni inkakambidwa kumeneko, kumsonkhano anthu ankangobwera kudzakweza manja pa zimene agwirizana kale. Chimene tinachizemba n'chakuti ena ankafuna thumba lizithandiza maliro a makolo kumudzi, pamene ena ankafuna likhale la ife amene tili kuno basi. Funso limenelo sitinalikhalire pansi chifukwa tinkaopa kuononga chimwemwe. Linadzatulukira pamaliro enieni, mayi wamasiye ali pamphasa, amuna akukwezerana mawu panja. Ndimadziimba mlandu pa zimenezo, chifukwa ine ndi amene ndinathamangitsa anthu kusaina tisanamvane. Anthu ena amene ndinkadya nawo Khrisimasi sitipatsananso moni wakale.

Ndiye munthu akandiuza kuti mankhwala ndi kuphatikizana, ndimafunsa kaye kuti mwagwirizana chiyani. Ife a ku Malawi tinaona zipani zisanu ndi zinayi zikugwirana manja mu Tonse Alliance mu 2020, ndipo tikudziwa mmene manjawo anataikirana pofika 2024. Koma kumeneko nkhani yake ndi ina, kumafunika mavoti oposa theka kwa munthu mmodzi. Kuno malamulo ake ndi osiyana, ndipo anthu ambiri atsopano sadziwa kuti vuto logawana mavoti analipezera mankhwala kalekale, komanso kwanu komweko ku Western Australia. Mu 1918 kunali chisankho chapadera m'dera la Swan. Woimira alimi ndi woimira chipani cholamula anagawana mavoti, mnyamata wa Labor wa zaka 22, Edwin Corboy, n'kupambana ndi mavoti ongopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo atatu. Boma la Billy Hughes silinachedwe, linabweretsa kavotedwe kolemba manambala komwe tikugwiritsa ntchito lero. Cholinga chake chinali chomwecho: wa kumudzi ndi wa m'tauni apikisane, voti ya wogonja ipite kwa mnzake. Choncho zipani ziwirizi sizifunika dzina limodzi kuti zisadyerane mavoti.

Ndipo ndinene mosapsatira, a National ali ndi chifukwa chomveka chokanira kumezedwa. Mu 2008 kwanuko, mtsogoleri wa National Brendon Grylls anakana kulonjeza kwa aliyense mpaka atapeza Royalties for Regions, yoti gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za migodi lizibwerera kumidzi. Akanakhala kanthambi chabe m'chipani cha anthu a ku Perth sakanazipeza. Mlimi wa tirigu wa ku Wheatbelt ndi loya wa ku Cottesloe safuna zinthu zofanana, ndipo si tchimo kuti aliyense akhale ndi womulankhulira.

Kuno ku Queensland anaphatikizana mu Julayi 2008 chifukwa mbiri yathu ndi yosiyana. Kuno wamkulu anali National, osati Liberal. Joh Bjelke-Petersen analamulira kuyambira 1968 mpaka 1987, ndipo kuyambira 1983 ankalamulira popanda Liberal. Mu 1987 anayamba kampeni yofuna kukakhala nduna yaikulu ku Canberra, inang'amba mgwirizano wa dziko lonse, John Howard n'kugonja kwa Bob Hawke. Kenako mu 1998 One Nation ya Pauline Hanson inatenga mipando 11 mwa 89. Anthu anatopa ndi kugonja, mtsogoleri wa National Lawrence Springborg anakankha zophatikizana mpaka zinatheka. Ndipo poyamba zinaoneka ngati chozizwitsa. Mu 2012 Campbell Newman wa LNP anatenga mipando 78 mwa 89, Labor inatsala ndi 7. Ine ndinavina usiku umenewo. Patangotha zaka zitatu boma lomwelo linagwa, Newman n'kutaya ngakhale mpando wake wa Ashgrove, atachotsa ntchito za m'boma pafupifupi 14,000 ndi kukonza zobwereketsa katundu wa boma kwa makampani. Chipani chinali chimodzi, chogwirizana bwino, ndipo chinagwera m'dzenje chili chogwirizana.

Apa ndi pamene mtima wanga waumira, ndipo anzanga ena a malaya a buluu sakondwa ndikamanena. Vuto la Liberal si National. Vuto ndi lakuti inasiya kulankhula ndi anthu a m'mizinda, kumene kumakhala anthu ambiri a dziko lino. Mu 2022 mipando imene inali ngati cholowa chake inapita kwa amayi oima paokha aja amatchedwa teal: Kooyong, mpando wakale wa Robert Menzies amene anayambitsa chipanichi mu 1944, inapita kwa Monique Ryan. Wentworth, Mackellar, North Sydney, Goldstein, ndi Curtin ya kwanuko kwa Kate Chaney. Ena m'chipani anati asiyeni olemerawo, tikatenga antchito a m'mphepete mwa mizinda. Mu 2025 a m'mphepetewo sanabwere. Ungawakope bwanji amayi ogwira ntchito uku ukulengeza kuti ogwira ntchito m'boma asiye kugwirira kunyumba, kenako pakati pa kampeni n'kubweza mawu ndi kupepesa, monga anachitira Dutton?

Dziko lino kuvota n'kokakamiza kuyambira 1924, ukapanda kuvota pa chisankho cha dziko lonse umalipira madola 20. Anthu ena amaonera kwambiri ndale za ku America n'kumaganiza kuti ukakwiyitsa anthu ako mokwanira adzatuluka ambiri kukavota. Kuno aliyense amatuluka kale. Amene amagamula ndi mayi uja wopinda kapepala, amene ndale sazitsata, amene akuganiza za lendi ndi za dokotala wa mwana.

Ndipo pali ife. Kalembera wa 2021 anaonetsa kuti anthu oposa mmodzi mwa anayi alionse m'dziko lino anabadwira kunja. Lowani m'tchalitchi chilichonse Lamlungu ku Logan kuno kapena ku Mirrabooka kwanuko muone amene adzaza mabenchi. Ndi anthu olemekeza ukwati, odana ndi ngongole, ogwira ntchito ziwiri kuti mwana aphunzire, olota kutsegula kashopu. Amenewa ndi anthu a chipani chosunga mwambo mwachibadwa. Koma mu Januwale 2018 Dutton ali nduna ananena kuti anthu a ku Victoria akuopa kupita kumalesitilanti usiku chifukwa cha magulu a zigawenga a chiAfirika. Mawu otere salowa m'khutu la wolakwa yekha, amalowa m'nyumba iliyonse ya munthu wakuda, ndipo satuluka msanga. Kenako pakampeni ya 2025 nkhani ya kusowa kwa nyumba inkangomangiriridwa pa obwera. Sindikunena kuti chiwerengero cha olowa m'dziko chisakambidwe, chikambidwe ndithu, inenso ndili ndi maganizo anga pamenepo. Koma pali kakambidwe kamene kamamuuza munthu kuti iwe ndiwe vuto, ndipo munthu savotera amene akumuona ngati vuto ngakhale atagwirizana naye pa zina zonse.

Chimene Crisafulli anachita mosiyana

Mu Okutobala 2024 David Crisafulli wa LNP anapambana chisankho cha Queensland kuno ndi mipando 52 mwa 93, patatha pafupifupi zaka khumi Labor ikulamulira. Anasankha nkhani zinayi, umbanda wa achinyamata, zipatala, nyumba ndi kukwera mtengo kwa zinthu, n'kumangobwereza zomwezo tsiku ndi tsiku. Za nyukiliya anati sizili m'mapulani ake, ngakhale malo awiri mwa asanu ndi awiri amene Dutton anatchula kuti adzamangepo magetsiwo, Tarong ndi Callide, ali m'chigawo chake chomwechi. Mtengo wa masenti 50 wokwerera basi ndi sitima, umene Labor inayambitsa, anausunga. Ine amene ndimakwera basi usiku ndikudziwa tanthauzo lake m'thumba. Lamulo lake loti mwana wopalamula mlandu waukulu alangidwe ngati wamkulu limandivutitsa mumtima, ndili ndi ana ndipo ndikudziwa amene amayamba kugwidwa. Koma ngakhale pamenepo, ankayankha chinthu chimene anthu a ku Townsville ndi Cairns ankachidandaula okha, osati chimene wachitola pa TV ya kunja. Patangotha miyezi isanu ndi umodzi yokha, anthu ambiri a chigawo chomwechi anakana Dutton. Chipani chimodzi, dzina limodzi, zotsatira ziwiri. Nkhani ya kuchotsa mimba itabuka pakati pa kampeni ya 2024 ija inamudyera Crisafulli mavoti ku Brisbane, ndipo nkhani imeneyo ndi yolemera kwa ine monga ndikudziwa kuti ndi yolemera kwa inu, koma ndidzailembera payokha.

Kwanuko mwaona pansi penipeni. Mu 2021 Liberal inatsala ndi mipando iwiri mwa 59 m'nyumba ya malamulo ya Western Australia, National inayi, mpaka mtsogoleri wa otsutsa anachokera ku National. Mu Malichi 2025 inangokwera kufika pa isanu ndi iwiri.

Tsono zolowa. Lowani, mchemwali wanga, koma mulowe nthambi ya kumene mukukhala, ndipo mufunse tsiku loyamba kuti pamafunika miyezi ingati musanaloledwe kuvota posankha woimira chipani, chifukwa mphamvu ya membala ili pamenepo. Ndalama ya umembala mulipire nokha, wina akadzati akulipirirani inu ndi anzanu a kutchalitchi mukane, ameneyo akufuna manambala anu osati mawu anu. Musadzilembetse msanga ku kagulu kalikonse ka mkati. Ndipo povota, manambala ndi anu, kapepala kathu kaja ndi pempho chabe. Mukapita kumsonkhano woyamba mundilembere, ndikufuna kudziwa kuti m'chipindamo munali anthu angati osakwana zaka 50.