Achemwali, nkhama zikutuluka magazizo ndiye nkhani, ma veneer adikire

Achemwali musapereke dipoziti ya ma veneer imeneyo. Chonde. Ndawerenga pomwe mwalemba kuti mukamatsuka mano thovu limatuluka lofiira koma a kukiliniki ya mano akuti zilibe kanthu aika ma veneer, tizigamba toyera tomata kutsogolo kwa mano, ukwati wanu wa Disembala usanafike, mtima wanga wachita kuti phwii moti ndasiya nsima pamoto. Amene anandiwononga ine ananenanso mawu omwewo, kuti timagazi timeneto aliyense amatuluka, tisiya tokha mano akakongola.

Ine ndinakulira ku Nathenje, ndipo amene mumadziwako mukudziwa mano athu akumeneko. Madzi a m'mijigo ina ali ndi mchere wina wotchedwa fluoride wopitirira muyezo, a WHO amati asamadutse 1.5 mg pa lita, ndiye mwana akamamwa madzi amenewo mano akupangika m'nkhama amadzamera ndi mawanga oyera ndi a bulauni. Si litsiro, ungakwechese mpaka mswachi kutha sachoka. Moyo wanga wonse pazithunzi ndimaseka nditatseka pakamwa. Makala ndinayesa, phulusa, soda ndi mandimu, zonse zomwe anthu akulembazi m'ma comment muno. Ndiye nditaona zithunzi za mano oyera mbee pa Facebook pa kiliniki ina ya pulaiveti m'tauni, ndinakatenga ngongole ku banki m'khonde, yobweza ndi chiwongoladzanja, nkupita.

Nkhama zanga nthawi imeneyo zinali kale zofiira, zotupa m'mphepete mwa mano. Ndikaluma chimanga chootcha pachitsononkho pamatsala magazi. Ndinawauza. Bambo a pakilinikipo anangoyang'ana ndi kagalasi kaja mphindi yosakwana n'imodzi yomwe. X-ray sanajambule. Kuyeza nkhama sanayeze. Chimene anayeza ndi mtundu wa kuyera, kundionetsa timano ta pulasitiki pa kathabwa kuti sankhani mayi, mukufuna kuyera kuti. Ndipo chomwe chimandipweteka mpaka lero, tinagwirizana ma veneer koma anandiika ma crown. Kusiyana kwake nkwakukulu achemwali. Veneer amapala kutsogolo kwa dzino pang'ono, mwina theka la milimita, nkumatapo kachigamba. Crown amasema dzino mbali zonse mpaka litsale kachitsa, nkuliveka chipewa. Mano anga asanu ndi limodzi akutsogolo, amoyo, opanda bowo ngakhale limodzi, anawasema onse tsiku limodzi. Ndinadzaona pagalasi dzanzi lisanathe, tizitsa tachikasu ndondolo, ndinafuna kukomoka. Iwo amvekere musadandaule mayi, mukhala ngati wa pa TV.

Miyezi yoyamba, bodza kunama, ndinkaoneka bwino. Kenako nkhama zinayamba kuda m'mwamba mwa ma crown, mtundu wofiirira, zonyezimira, zonenepa. Ndikangodina ndi chala pamatuluka toyera. Fungo! Fungo lake ukalimva wekha umadziwa kuti anzako analimva kalekale. Amuna anga, munthu waulemu, anangoyamba kundigulira chingamu osanena kanthu. Mu minibasi ndinkakhala pawindo. Kukwaya ndinasiya, poti tinkaimba titathithikana ndipo mayi wina wa pambali panga ankangotembenuzira nkhope kumbali.

Tsiku limene sindidzaliiwala linali la ukwati wa mng'ono wanga. Anandiika patebulo la perekaniperekani kuti ndiziwerenga ndi kusintha ndalama. Usiku wake sindinagone, dzino la kumanja kwa akutsogolowa limagunda mpaka m'diso, mlomo wam'mwamba utatupa pang'ono, ndinabisa ndi lipisitiki ndi Panado awiri. Holo itadzaza, kutentha kwa Okutobala, DJ akukuwa, azakhali akumudzi akuvina ndi ma K200 awo. Wina anandibweretsera kambale ka nkhuku patebulopo. Ndinangoluma ntchafu kamodzi. Ndinamva kuti thu m'kamwa, kenako madzi ofunda owawa mchere, onunkha, kudzaza pakamwa. Chithupsa chija chaphulika. Ndikuti ndilavulire m'kapepala kopukutira m'manja, crown inatuluka limodzi, nkugwera m'mbale ya ndalama, pakati pa ma K1000, ili ndi magazi ndi mafinya. Mtsikana yemwe tinkawerenga naye anaiona. Anakuwa kuti anti dzino lanu! Ndipo MC anali ataima pafupi ndi maikolofoni yoyatsa. Anthu anatembenuka, ena kuseka poganiza kuti ndi nthabwala. Ine ndikufufuza m'ndalama ndi dzanja limodzi, lina nditagwira pakamwa, magazi akudontha pa diresi ya yunifomu ya banja yomwe tinasoketsa tonse. Ndinaitola, kuikulunga m'kapepala, kuponya m'chikwama, nkuthawira kuchimbudzi. Kumeneko ndinayang'ana pagalasi, kachitsa kakuda kali poyera, nkhama yapamwamba pake itatseguka. Mpweya ukangokhudza kachitsako ululu wake umafika ku ubongo. Ndinakhala m'menemo mpaka keke kudulidwa ndilibe. Pazithunzi za banja za ukwati wa mng'ono wanga yemwe ndinamulera ndekha, ine mulibemo.

Lolemba ndinabwerera kukiliniki kuja ndi crown yanga m'kapepala. Mukudziwa zomwe anandiuza? Akuti mayi simutsuka mano bwino. Ine! Akuti kumatanso ndilipire, kuonana ndi dokotala ndilipire, mankhwala ndikagule. Mtsikana wa pa resepishoni amene kale ankandiitana kuti dear uja tsiku limenelo sanadzutse nkomwe mutu pafoni. Nditakweza mawu anandiuza kuti ndikusokoneza makasitomala. Makasitomala, osati odwala. Nditapempha faelo yanga akuti yasowa. Munthu amene anasema mano amoyo pa nkhama zodwala akuyendabe pa galimoto yake yabwino, akuikabe zithunzi za before ndi after, ndipo ndikukhulupirira changa chikanali pomwepo, cha sabata yoyamba. Cha ku holo chija bwanji osaika? Mulungu aziwaona. Ngongole ya kubanki m'khonde ndinamaliza kubweza ma crown ena atachotsedwa kale.

Anandithandiza ndi a mano a kuchipatala chachikulu cha boma, komwe ndinkakunyoza kuti amangodziwa kuzula. Mzere unali wautali, inde, ndinafika kusanache. Koma mayi amene anandiona anatenga kachitsulo kokhala ndi timizere ta mamilimita, nkumalowetsa pakati pa dzino ndi nkhama, dzino lililonse, akutchula manambala mnzawo akulemba. Anandifotokozera kuti nkhama yabwino kachitsuloko kamalowa 1 mpaka 3 mm basi ndipo sipatuluka magazi. Kuyambira 4 ndiye kuti papangika kathumba momwe tizilombo tikukhala. Ine kutsogoloko ankatchula 6, pena 7. Pa X-ray anandionetsa fupa logwira mizu litatsika, ndi zotsalira za simenti yomatira ma crown zitakanirira pansi pa nkhama. M'mphepete mwa ma crown munali mosalingana ndi dzino, chakudya chimangolowa osatuluka.

Mvetsetsani apa achemwali, poti ndi pomwe inu muli. Chiseyeye chili pawiri. Poyamba ndi nkhama zokha zotupa ndi kutuluka magazi, madokotala amati gingivitis, ndipo chimenecho chimatheratu mukatsukitsa mano ndi kusamala kunyumba. Mukachilekerera chimalowa pansi nkuyamba kudya fupa, imeneyo ndiye periodontitis, ndipo fupa likapita silibwerera lokha. Angathe kungoimitsa kuti lisapitirire. Choipa chake sichipweteka mpaka mochedwa, umangoona mano akutalika, mipata ikutseguka, kenako kugwedera. Kuika veneer pamenepo kuli ngati kupaka laimu khoma loti chiswe chadya kale m'kati. Komanso nkhama zotupa zikadzachira zimaphwa nkubwerera m'mbuyo, ndiye mzere womwe veneer inathera umadzaonekera poyera, ndalama yapita.

Chithandizo chake si chapamwamba ngati mmene mukuganizira. Amayamba ndi scaling, kuchotsa zolimba zachikasu zija zomwe zimamatirira m'munsi mwa mano, zimene mswachi sungachotse. Ngati matumba ndi akuya amabaya jekeseni wa dzanzi nkupala mpaka kumizu, mbali imodzi lero ina tsiku lina. Pakapita milungu ingapo amayezanso. Pomwe pakanika, pamene manambala akadali 6 kupita m'mwamba, ndiye amang'amba nkhama pang'ono, kutsuka m'kati akuona, nkusoka. Ine anandipanga zimenezo kutsogoloku. Dzino lomwe linaphulika lija mtsempha wake unali utafa, anachita root canal, kuchotsa mtsemphawo nkutseka m'kati mwa muzu. Lina la pambali pake linali litagwedera kwambiri, linazulidwa. Ndipo musamve zoti scaling imasiya mipata kapena kugwedeza mano, anthu amanena zimenezo chifukwa zolimba zija zikachoka mpata womwe matenda anapanga kale umaonekera.

Anandiyezanso shuga, ndinadabwa kuti shuga ndi mano zikugwirizana pati. Zimagwirizana kwambiri, shuga wokwera amakulitsa chiseyeye, nacho chiseyeye chimavutitsa kutsitsa shuga. Wanga anali bwino, koma mayi anga omwe ali ndi shuga mano anawathera chonchi, ife tinkangoti ndi ukalamba. Ngati ndinu oyembekezera nkhama zimatupanso msanga. Ndipo auzeni achimwene omwe mukukwatirana nawowo, ngati amasuta, fodya amabisa magazi m'nkhama, munthu amaona ngati ali bwino fupa likutha.

Za mankhwala, musamangogula Flagyl ndi amoxicillin ku famase mwa inu nokha, sizichotsa zolimba zija, kutupa kumaphwa sabata imodzi nkubwereranso.  Mukamwa Flagyl mowa ayi, ngakhale kawaini ka pa bridal shower, mudzasanza. Chlorhexidine wochukucha m'kamwa uja amathandiza koma musapitirire milungu iwiri, amadetsa mano ndi lilime. Madzi ofunda a mchere ali bwino. Mswachi gulani wofewa, wolimba uja umangokwapula nkhama, muzitsuka kawiri patsiku mphindi ziwiri, ndipo pakatuluka magazi musapalambalale, mpomwe pakufunika kutsuka. Pakati pa mano muzidutsamo ndi floss kapena timaburashi tating'ono tija. Zotokosera za machesi siyani. Makala siyani, amapala enamel, chikuto cholimba cha kunja kwa dzino, ndipo simera kachiwiri, dzino limayamba chikasu kuposa kale.

Nkhama zikachira, ndiye kambani zokongoletsa, kuyambira chopepuka. Mwina mukangotsukitsa mudzaona kuti theka la mtundu womwe ukukunyansaniwo linali tiyi ndi zolimba zija. Pali whitening ya peroxide yomwe sasema kanthu, mano amangomva kuzizira masiku ochepa, koma dziwani kuti siyeretsa zomata kapena ma crown. Kwa ife a mawanga a fluoride pali microabrasion, amapala kochepa kwambiri pamwamba. Pali composite, yomata yamtundu wa dzino, yotsikirapo mtengo, ikathyoka amakonza, kungoti imada pakapita zaka. Veneer ya porcelain imatha kukhala zaka 10 mpaka 15, kenako muyenera kuikanso ina, moyo wanu wonse, poti dzino lopalidwa silingakhalenso pamtunda. Amene mwalemba zokaikitsa mano ku Turkey, anthu aku UK ambiri abwerako atasemedwa ngati ine, mpaka anazipatsa dzina loti Turkey teeth. Zikavuta mudzakwera ndege kukadandaula ku Istanbul? Implant, dzino loikira lokhomera m'fupa, nayo pa nkhama zodwala imagwidwa matenda omwewo nkugwa.

Ine ndinganene kuti mano amoyo musalole munthu awakhudze ndi makina, zivute zitani. Koma pano ndili ndi bridge, dzino loikira logwirizira ku mano a m'mbali, ndi ma crown atsopano omwe anandiikira dokotala wina nkhama zitachira, ndipo ndimaseka mpaka chibwano kuoneka, kukwaya ndinabwerera. Ndiye ngati ndalama ilipo ndipo mtima ukufunadi, ikani, moyo ndi umodzi, bola asakhale wa changu. Aboma ndi abwino pa nkhama koma zokongoletsa musayembekezere, muzapitabe ku pulaiveti komweko. Mufunse ngati munthuyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo ngati ndi dokotala wa mano kapena dental therapist, poti madokotala a mano ndi ochepa kwambiri m'dziko muno, sukulu yawo ku College of Medicine, yomwe pano ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inangoyamba mu 2019. Ma therapist amagwira ntchito yabwino pa kutsuka, kumata ndi kuzula, koma kusema mano asanu ndi limodzi ndi nkhani ina. A ku Joni onani dzina lake ku HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala kumeneko.

Disembala yayandikira, ma veneer sangatheke bwino pa nthawi yatsalayi ngati nkhama zikutuluka magazi. Pitani sabata ino ku Central kapena ku Queens, kapena kwa wina aliyense amene atenge kachitsulo koyezera kaja asanakuonetseni mitundu ya kuyera. Akupatseni manambala anu papepala ndi X-ray yanu m'manja, ndipo alembe kuti akuika veneer kapena crown, asaine. Zithunzi za ukwati wojambula amayeretsa mano pa kompyuta, mphindi ziwiri, muuzeni. Amene mwayamba kale kundifunsa ku inbox dzina la kiliniki ija, sinditchula, admin anachotsapo post yanga ina ndipo ndalama ya loya ndilibe.